Agogo Akayamba Kuiŵala

Nzeru za munthu zili ngati khasu: likangokhala kuseri kwa chitseko limachita dzimbiri. Tsono musaŵasiye agogo okhaokha pakhonde. Madzulo muŵapemphe atsogolere Kolona, atchule okha zinsinsi zake mwa ndondomeko. Zinsinsi zisanu za kuŵala, zimene Papa Yohane Paulo Wachiŵiri adaonjezera m'chaka cha 2002, aziphunzire pamodzi ndi adzukulu, pakuti kuphunzira chatsopano kumadzutsa ubongo. Seŵerani nao bawo, muŵafunse maina a makolo ao. Akaiŵala liu, dikirani ndithu, musaŵalande mau m'kamwa.

Koma akayamba kusokera njira ya kumunda, kapena kusamzindikira mwana wao, amenewo ndi matenda a ubongo. Si ufiti ai. Pitani nao kuchipatala. Ndipo inu akatekisiti, muŵatchinjirize kwa anthu onyamula miyala.