Kulosera za Nkhonya: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale ku Phalombe



Ife okonda nkhonya tili ndi matenda amodzi: timagamula nkhondo belu lisanalire. Timawerenga anthu amene katswiri wagwetsa, nkulengeza kuti mnzakeyo watha kale.

Mu 1990 ku Tokyo, dziko lonse linkati Mike Tyson amupha Buster Douglas. Koma Tyson ndiye anagwa m'raundi ya 10, malamba nkupita.

Pa 11 July 2016, mwana wa ku Blantyre, Isaac Chilemba, anakumana ndi Sergey Kovalev ku Yekaterinburg, dziko la Russia, kulimbirana malamba atatu: WBA, IBF ndi WBO. Ambiri ankati sachedwa kugona. Anagwadi m'raundi ya 7, koma anadzuka namaliza maraundi onse 12, ndipo anagonja pa mapointi. Mu 2018 anamalizanso maraundi 12 ndi Dmitry Bivol.

Olosera amaona mphamvu ya chibakera. Saona mpweya, chitetezo ndi miyendo, zomwe munthu amazipeza pothamanga m'mamawa kwa zaka zambiri.

Chilemba anakakhwimira ku South Africa. Nanga mwana wa ku Migowi kapena ku Chiringa akakhwimira kuti? Timati kuno sikungatuluke katswiri, chonsecho sitinamugulireko ndi magolovesi omwe.

Choncho ndikupempha kuti pa zopereka zathu za chaka chino tipatuleko ndalama zogulira sukulu yathu zipangizo zamasewera. Zolosera zibwere pambuyo.