Imelo ya Wandale Musaifufute

Amayi ndi abambo, makamaka inu amene mudabwerera kumudzi kuchokera ku Lusaka, Dar es Salaam ndi London, zikomo pondilola kuyankhulapo za makalata a imelo amene andale amatumizira ovota nthawi ya kampeni.

Akuluakulu mukukumbukira kuti kalata ya maepiskopi itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, pepala lidasanduka mlandu. Boma lidaletsa kalatayo. Apolisi ankasecha m'maofesi okhala ndi fakisi ndi makina ochulukitsira mapepala, ndipo anthu adamangidwa. Komabe timapepala tinkayenda m'manja ndi m'manja mpaka nyali idapambana pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993.

Lero wofuna uphungu amangodina batani, uthenga wapita. Ku America a Barack Obama mu 2008 adasonkhanitsa maadiresi a imelo pafupifupi 13 miliyoni, namapempha ndalama ndi mavoti. Kuno kwathu zimasiyana. Imelo imafika m'maofesi a ku City Centre ndi ku Capital Hill, ndi m'nyumba za mipanda za ku Area 10 ndi Area 43. Mayi wogulitsa usipa mumsika wa ku Old Town, kapena mnyamata woitanira minibasi ku depoti, za ndale amamvera pa wailesi, pa msonkhano, kapena pa WhatsApp akakhala ndi bandulo. Wandale wonena kuti walembera anthu, walembera ochepa.

Koma imelo ili ndi ubwino umene msonkhano ulibe. Mawu a pa nsanja amapita ndi mphepo, ndipo mawa mwini wake amati atolankhanife tidamunamizira. Imelo imakhala ndi tsiku, dzina la wotumiza ndi lonjezo lenilenilo.

Ndiye ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, musaifufute. Chachiwiri, iyankheni ndi mafunso: msewu mukulonjezawu udzayamba liti, ndalama zake zichokera kuti? Akakhala chete, mwamudziwa. Chachitatu, isindikizeni pa pepala, muimasulire m'Chichewa, mupatse alonda anu, amayi a kumpingo ndi anzanu a mumsika, monga ankayendera mafakisi a 1992.

Paja lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane. Akadzabweranso kudzapempha voti, tidzawalandire ndi ulemu, kalata yawo ili m'manja, tidzawerengere limodzi mzere ndi mzere.