Mjigo unabadwira kwathu kuno, nanga ukuferanji m'manja mwathu?

Mawu amene mkonzi wa mijigo anayankhula pa msonkhano wa makalabu a achinyamata ku Kandeu, m'boma la Ntcheu

 Ine si mlangizi wa zaumoyo ayi. Ntchito yanga ndi yokonza mijigo, manja angawa anazolowera sipanala osati pepala. Ndiye mukaona ndikusokoneza, mundikhululukire.

Atandiitana ndinadzifunsa kuti, kodi pa msonkhano wa za Edzi munthu wa mijigo akanenapo chiyani? Kenako ndinakumbukira mayi wina wa m'mudzi umene sindiutchula dzina. Mayiyu ali ndi kachilombo ka HIV, sabisa, ndipo ma ARV amamwa mokhulupirika. Anali wathanzi, kulima amalima yekha. Tsiku lina mjigo wa m'mudzimo unasiya kutulutsa madzi. Mwezi unatha, wachiwiri, wachitatu. Anthu anayamba kufukula mumchenga kumtsinje, pamene ng'ombe zimamwera. Ena onse ankangodandaula za m'mimba tsiku limodzi kapena awiri n'kuchira, koma mayi uja kutsegula m'mimba kunamugwira osamusiya, mpaka anakagonekedwa kuchipatala. Mwana wake wamkazi wa Sitandade 7 ndiye ankadzuka tambala woyamba kupita yekha kumjigo wa mudzi wina. Inu atsikana mukudziwa bwino zimene zimachitika panjira nthawi imeneyo, sindikuuzani ine.

Atandiitana kuti ndikaone mjigowo, mukudziwa chimene ndinapeza? Karaba kamodzi kanali katatha. Kamodzi basi! Mtengo wake sufika ngakhale pa nkhuku. Ntchito yonse sinathe ola limodzi. Ndinabwerera kunyumba mtima ukundiwawa, chifukwa mwa anthu onse pa dziko lapansi, ife a kuno ndiye sitiyenera kulephera kusintha karaba. Ndikuuzeni chifukwa chake.

Kale mijigo yambiri inali ya mtundu wa Climax, ija ya chigudumu chachikulu. Agogo anu akuidziwa. Inali yolemera zedi, ndipo ikawonongeka panalibe chimene mudzi ukanachita. Munkadikira galimoto ya boma ibwere ndi anthu ndi makina okwezera mapaipi achitsulo. Galimoto imodzi, mijigo yambirimbiri, misewu yathu mukuidziwa nthawi ya dzinja. Kudikira kwake kunali kwa miyezi.

Bungwe la United Nations linalengeza kuti zaka za 1981 mpaka 1990 zikhale zolimbikitsa madzi abwino ndi ukhondo. Nthawi imeneyo akatswiri a boma lathu pamodzi ndi ena ochokera kunja anafunsa funso labwino: bwanji osapanga mjigo umene anthu akumudzi angathe kukonza okha? Ntchitoyi inayamba m'Malawi muno mu 1981, mjigowo anautcha Maldev, ndipo malo amene anauyeserera kwambiri ndi chigwa cha Livulezi chathu chino. Ine ndinali mnyamata wapasukulu, tikaweruka tinkathamangira kukaonerera akukumba, makolo athu akututa mchenga ndi njerwa. Sitinkadziwa kuti dziko likuphunzira kanthu pa midzi yathu. Kenako kafukufukuyu, amene ankathandizidwa ndi World Bank ndi UNDP, anapitirira ku Kenya, ndipo kumeneko mjigo uja unakhwima n'kukhala Afridev. Ndi womwe mumapopa tsiku ndi tsiku uja. Lero mukapita ku Mozambique, ku Kenya, ku Ethiopia, ku Ghana, ngakhale ku Pakistan, mukaupeza. Ndi mwana wakwathu ameneyu.

Tsono taonani nzeru imene anaikamo. Mjigo wa Afridev umakoka madzi mpaka pa mamita 45 pansi, koma pokonza simuzula mapaipi ayi. Mumamasula chivindikiro cha kumutu ndi sipanala imodzi. Ndodo zachitsulo zija zimangokolana, mumazitulutsa imodzi imodzi ndi manja. Kumapeto kwake kumatuluka kachipangizo kokankha madzi, ndipo pamenepo ndi pamene pali karaba kaja. Pansi penipeni pali kena kotsekera kuti madzi asabwerere, ako mumachita kuwedza ndi kachitsulo kokhala ngati mbedza. Pa chogwirira pali timapulasitiki timene timatha ndi kupopa. Zonsezi anazipanga dala kuti zizitha msanga koma zikhale zotchipa, kuti zitsulo zodula zisadyeke. Amayi awiri atatu ophunzitsidwa amatha ntchito imeneyi popanda mwamuna ngakhale mmodzi. Ndaona ndi maso angawa, ndipo kunena zoona amayi amasamala timanati kuposa abambo, sataya.

Nanga ngati zili zophweka chonchi, mijigo ikuferanji? Ine mwa zaka zanga ndaona kuti kawirikawiri vuto si chitsulo. Vuto ndi ndalama ndi anthu. Mabungwe akabwera amakumba, amaphunzitsa komiti sabata imodzi, amajambula zithunzi, n'kumapita. Pakatha zaka zisanu, amene anaphunzira uja anakwatiwa kwina, wina anapita ku Joni, wina anatisiya. Sipanala palibe akudziwa kumene ili. Ndalama zosonkha pamwezi anthu anasiya kupereka, ndipo nthawi zina sindiwadzudzula, chifukwa msungichuma sanawawerengerepo ndi tsiku limodzi lomwe kuti zalowa zingati, zatuluka zingati. Munthu sasonkha m'thumba lobooka. Ndiye mjigo ukafa mpamene timayamba kuyenda khomo ndi khomo, mwezi wa Januwale, nkhokwe zili mbee.

Komanso tisaname, pali zina zoposa mudzi. Mjigo ukakumbidwa mwachinyengo, wosafika pamadzi enieni, umauma mwezi wa Okutobala ngakhale komiti ikhale ya angelo. Mapaipi akagwera pansi pamafunika mekaniki wa m'dera kapena a ofesi ya zamadzi kuboma. Ndipo muyezo wa boma ndi woti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, koma ilipo ina imene midzi itatu imadalira umodzi, kupopa kuyambira mbandakucha mpaka usiku. Raba yake ingakhalitse bwanji?

Ena mumati, bola atipatse mipopi. Inde mipopi ndi yabwino. Koma kumbukirani kuti mu 2018 damu la Mpira, m'boma lathu lomwe lino, linaphwa, ndipo mipopi ya anthu ambiri ku Ntcheu ndi ku Balaka inauma. Mitengo ya kumtunda kwa damulo inali itatha. Anthu a mipopi aja anathamangira kumijigo.

Za kolera ndingokhudza pang'ono chifukwa nonse munaona. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mu 2023 unagwira anthu oposa 58,000 m'dziko muno, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Madzi amatha kuchoka pamjigo ali abwinobwino, ife n'kuwaipitsa tokha: ndowa yosatsuka, masamba oika pamwamba kuti asatayike, kapu imodzi yomwera ndi yotungira yomweyo. Thirani kolorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, vindikirani mtsuko, chimbudzi chikhale ndi chotsekera, panja pakhale mpondagiya ndi sopo, akasowa sopo phulusa lilipo. Chimbudzi chisakumbidwe pafupi ndi mjigo, makamaka kumtunda kwake. Ndipo ndinene poyera: kachilombo ka HIV sikafala kudzera m'madzi, m'ndowa kapena pa chogwirira cha mjigo. Ndinamvapo kwina akuuza mayi wina kuti azitunga anzake akatha. Zimenezo ndi umbuli, mukazimva muzitsutse pomwepo.

Tsono pempho langa kwa makalabu ndi ili. Mumachita masewero, mumayimba, mumayendera odwala, zonsezo n'zabwino. Onjezeraniko mjigo. Kalabu iliyonse isankhe mjigo umodzi, mupite kwa amfumu ndi a komiti mwaulemu, osati ngati apolisi, mukapemphe kuti muzithandiza. Kamodzi pamwezi muziuyesa. Kuyesa kwake n'kosavuta. Uleke kupopedwa kwa theka la ola, kenako muwerenge kuti mwapopa kangati madzi asanatuluke. Mukapyola kasanu, dziwani kuti pansi pakudontha. Kenako popani mokwanira maulendo 40 pa mphindi imodzi. Ndowa ya malita 20 iyenera kutsala pang'ono kudzadza. Ikangofika theka, karaba kakutha, kagulidwe mjigo usanafe. Chogwirira chikamagwedera uku ndi uku kapena kulira, timapulasitiki tija tatha.

Inu mumadziwa masamu kuposa ife. Gulani kope, muzithandiza msungichuma kulemba, ndipo pakutha pa mwezi ziwerengedwe pagulu, aliyense amve. Pamsonkhano womwewo mukumbutse mudzi kuti agogo, ana amasiye ndi odwala amene sangathe kusonkha asathamangitsidwe pamjigo. Ndipo pa nyumba imene pali wodwala wogona, ndowa ziwiri za madzi patsiku ndi chithandizo chachikulu kuposa mawu ambiri. Anyamata, kutunga madzi sikuchotsa umuna, njinga muli nazo.

Loweruka likudzali ndikhala pamjigo wa kuseri kwa msika kuyambira 8 koloko m'mawa, tikaumasula wonse kuti muone mkati. Kalabu iliyonse itumize anthu anayi, awiri akhale atsikana. Mubwere ndi zovala zogwirira ntchito, ndowa imodzi ndi kope. Sipanala ndibweretsa ine.