Bodza Likalembedwa Limasanduka Umboni

Ena mwa inu mwafunsa chifukwa chimene akatswiri a mbiri yakale amasungira zolemba za chipani cha Nazi cha ku Germany, chikhalirecho n'zodzala ndi chidani. Ndiyankha ndi zitsanzo ziŵiri.

Julius Streicher adayambitsa nyuzipepala ya Der Stürmer mu 1923 mumzinda wa Nuremberg. Kwa zaka zoposa 20 nyuzipepalayo idanyoza Ayuda ndi kuŵasemera zinyau. Nkhondo itatha, bwalo la milandu lidatenga masamba a nyuzipepala yomweyo kukhala umboni womutsutsa, ndipo adanyongedwa mu 1946. Masambawo akadatenthedwa, umboni waukulu ukadapita ndi utsi.

Buku la Adolf Hitler, Mein Kampf, lidayamba kutuluka mu 1925. Mu 2016 akatswiri a ku Munich adalisindikizanso pamodzi ndi ndemanga zoposa 3,500, zosonyeza pamene iye adanama ndi kumene adatola maganizo ake.

Tsono poŵerenga zolemba zotere, funsani: adalemba ndani, ankalembera yani, ndipo ankabisa chiyani? Simudzapezamo zoona zokhudza Ayuda ayi. Mudzapezamo zimene a Nazi ankafuna kuti anthu akhulupirire, ndi mmene adatengera umphaŵi ndi ulova n'kuzisenzetsa mtundu umodzi wa anthu.

Inu amene mumayankhula pamisonkhano ndi kulemba makalata a Boma, phunzirani kuzindikira mau otere akangoyamba, ndipo musaŵalole m'nthambi zanu. Kumbukiraninso kuti zolemba zanu nazonso zidzasungidwa, ndipo adzukulu athu adzaziŵerenga ndi mafunso atatu omwewo.