Magiya a Galimoto ndi Thirakitala: Nkhani Yokambidwa kwa Alangizi a Zaulimi

Ntchito ya ulangizi imadalira makina oyenda. Mbewu ndi feteleza wa m'minda ya chitsanzo zimabwera pa galimoto, mlangizi amayendera alimi pa njinga yamoto, ndipo m'madera ena magulu a alimi amalipira thirakitala kuti iwalimire. Makina onsewa ali ndi bokosi la magiya. Oyendetsa ambiri amakhulupirira kuti giya yotsika imawonjezera mphamvu ya injini, koma si choncho. Mphamvu ya injini imakhala yomweyo. Giya imangochepetsa liwiro kuti matayala akoke kwambiri, kapena kuchepetsa kukokako kuti liwiro likwere.

Chimene chimakoka katundu ndi mphamvu yopotokola, imene amakaniko amaitcha torque. Aliyense amene anamasulapo nati yolimba amaidziwa. Sipanala ikakanika, amalowetsa paipi ku chogwirira chake. Dzanja limayenda mtunda wautali, nati imasuntha pang'ono, koma imamasuka. Magiya amachita zomwezo ndi mano awo. Giya ya mano 12 ikamazunguza giya ya mano 36, yaing'onoyo imazungulira katatu kuti yaikulu izungulire kamodzi. Liwiro latsika katatu, mphamvu yopotokola yakwera pafupifupi katatu.

Chitsanzo chabwino ndi pikapu yonyamula katundu. M'magalimoto ambiri otere giya yoyamba imachepetsa liwiro la injini pafupifupi kanayi, ndipo difu, amene ndi magiya a pakati pa matayala akumbuyo, amalichepetsanso pafupifupi kanayi. Choncho injini imazungulira ka 16 kuti tayala lizungulire kamodzi. Ngati injini ikuzungulira ka 2,000 pa mphindi, ndipo tayala limayenda mamita 2 likazungulira kamodzi, galimotoyo ikuyenda makilomita 15 pa ola. Mu giya yachinayi bokosi silichepetsa kanthu, amatsala ndi difu yekha, ndipo injini yomweyo imafikitsa galimoto pa makilomita 60 pa ola. Koma matayala amakankha msewu ndi gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a mphamvu ya mu giya yoyamba.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya kunyamuka. Galimoto imawonjezera liwiro molingana ndi mphamvu imene ikufika ku matayala ndiponso kulemera kwake. Matumba 20 a feteleza a makilogalamu 50 ndi tani yathunthu. Woyendetsa amene amanyamuka ndi katundu wotere mu giya yachiwiri amakakamizika kupondereza kilachi theka, ndipo mphamvu imene ikanayendetsa matayala imasanduka moto m'kilachimo. Fungo la kupsa limene limamveka pa zitunda ndi ndalama za ofesi zimene zikupita.

Pa thirakitala nkhaniyi imakula, popeza kulima ndi kukoka kosalekeza. Massey Ferguson 135, imene inapangidwa kuyambira 1964 mpaka 1975, kawirikawiri inali ndi magiya 6 opita kutsogolo ndi 2 obwerera, kuchokera ku magiya atatu ndi kandodo kena kosankhira mbali yotsika kapena yokwera. Injini yake ya dizilo ya Perkins inali ya mphamvu ya akavalo pafupifupi 45 basi, koma mbali yotsikayo inkaiyenereza kukoka pulawo m'nthaka yolimba. Liwiro labwino lolimira ndi makilomita 5 mpaka 7 pa ola.

Giya yotsikitsitsa si yankho nthawi zonse, ndipo ambiri amalakwitsa pamenepa. Mphamvu ikaposa mmene matayala angagwirire nthaka, matayala amangoterereka, kutha, ndi kusiya nthaka yogangatika pansi pa mzere. Mlangizi angathe kuyeza kutererekaku popanda chida chodula. Aike chizindikiro cha choko pa tayala lakumbuyo, ayeze mtunda umene thirakitala ikuyenda tayala likazungulira ka 10 pulawo ili m'mwamba, kenaka ayezenso pulawo ili m'nthaka. Ngati poyamba anapeza mamita 40 ndipo kachiwiri mamita 34, kuterereka ndi magawo 15 pa 100. Kwa thirakitala yokoka ndi matayala awiri, magawo 10 mpaka 15 ndi oyenera. Zikapitirira pamenepo, pulawo ikwezedwe pang'ono kapena matayala awonjezeredwe kulemera. Kutsitsa giya sikungathandize.

Ntchito ikakhala yopepuka, monga kukoka thirela yopanda katundu wambiri kapena kubzala, woyendetsa akweze giya ndi kuchepetsa mafuta. Liwiro limakhala lomwelo koma dizilo amatha wochepa. Akaona utsi wakuda, kapena injini ikapanda kuyankha msanga atawonjezera mafuta, ndiye kuti giyayo yakwera mopitirira ndipo atsike ndi imodzi. Njirayi siyenera pa makina ozunguzidwa ndi PTO, monga chopopera mankhwala kapena chotongolera chimanga, chifukwa ambiri amafuna kuzungulira ka 540 pa mphindi, ndipo zimenezo zimatheka injini ikakhala pa liwiro lolembedwa m'buku la thirakitalayo.

Potsika phiri magiya amagwira ntchito mobweza: matayala ndiwo amazunguza injini, ndipo giya yotsika imachititsa injini kugwira galimoto. Pa mitsetse ngati wa Chiweta kapena wa Golomoti, galimoto yolemedwa itsike ndi giya imene ingakwerere phirilo, ndipo giyayo ilowetsedwe mtsetse usanayambe. Chizolowezi chochotsa giya pofuna kusunga mafuta chimasiyira mabuleki ntchito yonse. Amatentha, kenaka amaleka kugwira. Mathirakitala akale ali ndi mabuleki ku matayala akumbuyo okha, ndipo thirela yodzaza chimanga, imene nthawi zambiri ilibe mabuleki akeake, imatha kulemera kuposa thirakitala imene ikuikoka.