TISUNGE MBIRI YATHU NGOZI ISANAFIKE

Mau amene Mlembi wa Chigwirizano analankhula pa tsiku la chikondwerero



Ine sukulu ndinalekezera ku pulaimale, koma popeza munandipatsa cholembera ndi bokosi la mabuku a Chigwirizano, ndiloleni ndinene za bokosi limeneli.

Pamene tinali kusonkhanitsa mbiri yathu kuti ilowe m'kabuku ka chikondwererochi, ndinatsegula bokosilo ndipo misozi inalengeza. Buku loyamba la maminiti, lija analemba amayi athu oyamba, ndinalipeza theka litadyedwa ndi chiswe, masamba ena atamatana chifukwa cha mvula yodontha. Wolakwa ndine, pakuti ndinaliika pansi pafupi ndi khoma zaka zambiri osalitsegula. Maina ena a amayi aja sitidzawawerenganso.

Tsoka lotere siligwera ife tokha ai. M'chaka cha 1919 moto unatentha maofesi a Boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri a zaka zoyamba za Boma la Atsamunda anapsa. Lero ofufuza mbiri ya zaka zimenezo amadalira makalata amene anatumizidwa ku London ndi mabuku a m'mamishoni. Mu Disembala 2015 nyumba ya mabuku ya pa Yunivesite ya Mzuzu inapsa pamodzi ndi mabuku zikwizikwi. Kunja nakonso, m'chaka cha 2018, nyumba yaikulu yosungiramo zinthu zakale ku Rio de Janeiro m'dziko la Brazil inapsa usiku umodzi. Munali zinthu pafupifupi 20 miliyoni, ndipo zambiri zinatheratu, ngakhale mau ojambulidwa a zilankhulo zimene palibenso wozilankhula. Ndipo tonse tikukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, m'mene matope ochokera m'phiri la Soche anakwirira nyumba ku Chilobwe. Tinalira anthu, ndipo ndi bwino kutero, koma ambiri opulumuka anatsalanso opanda chithunzi n'chimodzi chomwe cha makolo ao.

Taonani nkhani ya ku Zomba ija: chimene chinapulumuka ndi chimene chinasungidwa malo awiri. Phunziro langa lagona pamenepa. Akulu anati madzi akatayika saoleka. Tsono tichitenji mvula isanayambe?

Choyamba, tilembe mndandanda wa zonse tiri nazo: mabuku a maminiti, kaundula wa maina, zithunzi, mbendera, ndi nsalu za zikondwerero zakale. Tigwirizanenso kuti pa ngozi choyamba kunyamula ndi chiti, ndipo wonyamula ndani. Koma moyo wa munthu ndiwo woyamba. Wina asalowe m'moto kapena m'madzi chifukwa cha buku.

Chachiwiri, mabuku akhale m'bokosi la chitsulo, pamwamba pa thandala, kutali ndi khoma, moto ndi podontha. Tizilitsegula kawiri pa chaka kuona ngati mwalowa chiswe, mphemvu kapena chinyezi.

Chachitatu, ana athu ali ndi mafoni. Atijambulire tsamba lirilonse, ndipo zojambulazo zisungidwe kwa anthu awiri kapena atatu a midzi yosiyana, osati m'nyumba imodzi ndi bokosi.

Chachinai, ngati mabuku anyowa tisazengereze, pakuti pakangopita masiku awiri nkhungu imayamba. Tisawayanike pa dzuwa kapena pafupi ndi moto, chifukwa mapepala amapindika ndipo inki imafufuma. Tiwaike pamthunzi popita mphepo, ndi kulowetsa mapepala oyera ouma pakati pa masamba, n'kumawasintha. Masamba omatana tisawakoke ndi mphamvu. Zithunzi tiziyale chimodzichimodzi, nkhope kumwamba, osagwira pankhopepo. Mabuku akachuluka, a nyumba zosungira zakale amawakulunga ndi kuwaika m'firiji youmitsa madzi kuti nkhungu isayambe, n'kumaumitsa pang'onopang'ono pambuyo pake.

Chachisanu, pali mbiri ina yosalembedwa. Iri m'mitima ya agogo athu akhala kutsogoloku: nyimbo zakale, maina, ndi maulendo amene anayenda pansi. Tiwachezere, tiwajambule mau akadali nafe.

Amayi a Pampando, pempho langa ndi lakuti tisanabalalike lero tisankhe amayi atatu oyang'anira ntchito imeneyi, ndipo adzapereke lipoti pa msonkhano wa mwezi wa mawa. Mlembi amene adzabwera pambuyo panga adzatsegule bokosi osalira monga ndinalirira ine.

Ndikhululukireni pamene ndalakwitsa.