Operekeza Ana a Sukulu ku Nyanja

Nkhani iyi inalankhulidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a m'chigwa cha Shire, makamaka a kwa Nyachikadza.

Usiku uno sindilankhula za thonje kapena za mbewu za m'dimba ayi. Ndifuna tikambirane za ana athu a Folomu 4 amene, akatha mayeso, aphunzitsi amafuna kupita nawo ku Mangochi kukaona Nyanja ya Malawi. Ena a inu mwagulitsa kale mbatata ndi nsomba zouma kuti mwana apeze ndalama ya basi. Tsono funso langa ndi ili: ndani alikupita nawo?

Ulendowu ndi wabwino, ndipo sindifuna kuti wina auletse. Madzi a Shire amene timaoloka tsiku ndi tsiku amatuluka m'nyanja imeneyo, nadutsa m'nyanja ya Malombe, nafika kuno kwathu. Nkoyenera kuti mwana akaone kumene mtsinje wake umachokera. Ku Cape Maclear adzaona manda a amishoni amene anafika kumeneko mu 1875, ndiponso tinsomba ta mbuna timene Boma linatikhazikitsira malo otetezedwa mu 1980. Koma ndi kutali. Kuchokera pa boma la Nsanje, kudzera ku Bangula, Nchalo ndi Chikwawa, kukwera phiri la ku Blantyre, kupitirira Zomba ndi Liwonde, mpaka kukafika, ndi makilomita opitirira 400. Aphunzitsi awiri sangathe kuyang'anira ana makumi asanu pa mtunda wotere. Pafunika makolo.

Apa ndi pamene timalakwa. Mpando wa woperekeza ukapezeka, timaupatsa munthu amene walankhula kwambiri pa msonkhano, kapena mbale wa amfumu amene sanaonepo nyanja. Munthu wotere akafika amayamba kuona zake, kugula chambo chake, mwinanso kulawa mowa wa kumeneko. Mafumu, sankhani munthu amene mungamsiyire ng'ombe zanu mwezi wathunthu osadandaula. Akhale wosamwa, wamiyendo yolimba, wodziwa ana ndi mayina awo. Ndipo ngati pali atsikana, pakhale mayi wamkulu amene adzagona pakhomo pa chipinda chawo. Kunyanja kumafika alendo ambiri a ndalama m'thumba, ndipo si onse amene ali ndi mtima wabwino kwa mtsikana wa zaka 17 amene walawa ufulu tsiku loyamba.

Tsopano ndinene za madzi, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Inu a kwa Nyachikadza mudzati, ana athu anabadwira m'madzi, nyanja ingawaopse bwanji? Zoonadi, mnyamata wa m'dambo la Ndindi amayendetsa mwadiya asanadziwe kuwerenga. Koma taganizani. Chifukwa cha ng'ona, ana athu ambiri sasambira mu Shire. Amasamba msangamsanga m'mphepete, maso ali tcheru. Kotero alipo anyamata odziwa nkhafi bwino lomwe amene sangathe kusambira ngakhale mtunda wa kuchokera pakhonde kufika pankhokwe. M'dambo, bwato likagwedezeka, umagwira bango kapena umakankha pansi ndi mtengo. Panyanja palibe bango logwira, ndipo ukangochoka pamchenga mtengowo sufika pansi.

Chinanso ndi mphepo. Mayeso amatha m'miyezi yozizira, ndipo miyezi imeneyo ndiyo ya mwera, mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera. M'mawa nyanja imakhala bata ngati madzi a m'mbale, koma mwera ukadzuka mafunde amakula msanga, ndipo asodzi enieni a kumeneko amakokera mabwato awo kumtunda. Ine ndinaperekezapo ana ulendo wotere. Mnyamata amene anatipatsa mantha sanali wamantha kapena wofooka ayi, anali katswiri wa bwato pa onse. Anabwereka bwato la msodzi kuti aonetse anzake luso, mphepo inamtenga, ndipo tinamuona alikucheperachepera ngati nkhwazi yopita kutali. Anakamtenga ndi asodzi a boti la injini. Ine mawondo anali atatha mphamvu, ndilikuganiza mawu amene ndikanakauza mayi ake.

Chifukwa chake woperekeza anene poyera asananyamuke kuti palibe mwana wokwera bwato payekha. Ngati aphunzitsi akonza zopita ku chilumba, likhale boti la munthu wodziwika, ndipo mwana aliyense avale jekete loyandamitsa. Likasowa limodzi, mwana mmodzi atsale. Posamba, madzi asapitirire m'chiuno, ndipo woperekeza aime pamchenga alikuyang'ana, osati kusamba nawo limodzi. Funsani anthu a m'mudzimo malo abwino, chifukwa mvuu ndi ng'ona zilikonso m'malo ena a nyanja. Likodzo nalonso liliko, monga kuno. Mwana akaona magazi m'mkodzo patapita masabata angapo, apite kuchipatala, mankhwala alipo.

Chida chachikulu cha woperekeza ndi pepala la mayina. Awerenge ana pokwera basi, potsika, pa chakudya ndi pogona. Asafunse kuti, "Kodi tonse tilipo?" pakuti ana adzayankha kuti inde ngakhale mnzawo watsala pa msika wa Liwonde alikugula chimanga chootcha. Aitane dzina ndi dzina. Pepala lina lotere litsale kwa amfumu, pamodzi ndi nambala ya lamya ya woperekeza ndi tsiku lobwerera. Ana atenge maneti awo ndi zofunda. Mwana wa kuno kotentha amazizidwa kwambiri usiku wa mwera.

Pali chinthu chimodzi chimene aphunzitsi ochokera kumtunda sangachiganizire, koma inu mafumu muchidziwa. Kwa ana ena ulendo umatha basi ikaima pa Nsanje. Kwa ana a kwa Nyachikadza pamatsala Shire. Basi yonyamuka ku Mangochi m'mawa imafika dzuwa litapendeka kapena litalowa, ana ali otopa, ali ndi katundu, mtima uli kwawo. Pamenepo adzafuna kudzazana m'bwato limodzi ndi kuoloka mumdima, nthawi imene mvuu zimatuluka kukadya. Inu amene munaona madzi a mu Januwale 2015 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 simufunika kuuzidwa za mtsinje umenewu. Panganani ndi aphunzitsi ulendo usanayambe kuti, basi ikachedwa, ana agone pasukulu, mayi woperekeza ali nawo. M'mawa mafumu atumize mabwato okwanira ndi opalasa achikulire, ndipo woperekeza aitanenso mayina padoko la tsidya lino ndi la tsidya ilo, napereke mwana aliyense m'manja mwa kholo lake. Akatero abweze pepala lija kwa amfumu, apite kukagona.

Sabata yamawa tidzakamba za kasungidwe ka mbewu ya mbatata. Gonani bwino nonse.